Mitengo, zingwe ndi tizopanira: kuimika matimati m'minda ya ku Dedza

Pa msika wa pa mphambano ya Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, wogula matimati wodziwa malonda sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba watola limodzi n'kulitembenuza kuti aone kunsi kwake. Akapeza banga lofewa pamene chipatso chinagona pa dothi, amalibweza pa mulu n'kusunthira kwa wogulitsa wina. Mayi amene wabwera ndi dengu la matimati osalala, ofiira mbali zonse, ndiye amayamba kutsiriza katundu wake. Alimi amaseka kuti mtengo wa pamsika umayambira pa mtengo wa kumunda, ndipo sanama: matimati oimikidwa ndi ogona pansi amasiyana ngakhale atafesedwa tsiku limodzi.

Ku Dedza nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha nyengo. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,100. M'madera monga Bembeke ndi Kanyama mame amachedwa kuuma, nkhungu imakhalitsa, ndipo masamba amatha theka la tsiku ali onyowa. Umu ndi m'mene chiwawu chimasangalalira. Chiwawu chimene chimapsereza mbatata ya kachewere ndi chomwecho chimene chimagwira matimati, popeza mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi, ndipo kuno zimalimidwa moyandikana. Tsinde logona pansi silipitidwa mphepo, mvula ikagwa dothi limathovukira pa masamba, ndipo wopopera mankhwala safika kunsi kwa masamba kumene matenda amabisala. Kuimika mbewu sikuthetsa chiwawu, koma kumathandiza kuti masamba aume msanga ndiponso kuti mankhwala afike ponseponse.

1. Kudziwa kaye mtundu wa matimati

Si matimati onse amene amafuna mtengo wofanana. Ena, monga Tanya ndi Rodade, amakula n'kulekeza, ndipo amabereka kwa nthawi yochepa. Amenewa mtengo wa mita imodzi ndi theka umawakwanira. Ena, monga Money Maker, salekeza kukula. Amangotalika uku akuchita maluwa kwa miyezi ingapo, choncho amafuna mtengo wa mamita awiri kapena chingwe cholendewera kuchokera pa waya. Tengeru 97, yochokera ku Tanzania, nayonso imatalika ndithu ndipo siifuna kusiyidwa pansi. Pa paketi ya mbewu pamalembedwa za kakulidwe kake, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'deralo angathe kufotokoza ngati mlimi anapatsidwa mbande ndi mnzake popanda paketi.

2. Kusonkhanitsa mitengo mbande zisanawokedwe

Ntchito ya mitengo imayamba mbande zikadali pa nazale. Mlimi wowoka pa mizere yotalikirana masentimita 90, n'kusiya masentimita 60 pakati pa mapando, amakhala ndi matimati pafupifupi 185 pa malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mitengo ya matimati onsewa ndi mitolo ingapo, ndipo siidulidwa m'mawa umodzi.

Nsungwi yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposa, ndi yabwino chifukwa ndi yowongoka ndipo yaikulu imatha kuwazidwa kukhala mitengo inayi. Mphukira za pa chitsa cha bulugamu nazonso zimagwira ntchito, makamaka zonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Bango ndi lopepuka. Limakwanira nsawawa koma limathyoka matimati akalemera. Kunsi kwa mtengo kusongoledwe ndi chikwanje, ndipo alimi ena amakuwawula pamoto pang'ono kuti kuchedwe kuwola ndi kudyedwa ndi chiswe.

Mitengoyi ichokere pa munda kapena nkhalango ya mlimi mwini. Nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza ndi zotetezedwa, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudulamo mitengo popanda chilolezo. Phata limodzi la nsungwi lobzalidwa m'malire mwa dimba limapereka mitengo chaka ndi chaka.

3. Kuzika msanga, mizu isanayale

Mtengo uzikidwe tsiku lowoka, kapena pasanathe masabata awiri. Wochedwa amakhomera mtengo pa mizu imene yayala kale, ndipo mabala a pa mizu ndi khomo la matenda ofotetsa mbewu. Mtengo ukhale masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pa tsinde, ndipo ulowe pansi masentimita 30 kapena 40. M'dimba la dothi lofewa uloweko kuposa pamenepo. Njira yoyesera ndi yosavuta: munthu augwedeze ndi dzanja limodzi. Ukagwedera, mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi idzaugwetsa pamodzi ndi zipatso zake.

4. Kumanga ndi chingwe

Mbewu ikafika masentimita 25 kapena 30, nthawi yomanga koyamba yakwana. Chomangira chikhale chofewa ndi chophwatalala: luzi, chingwe cha khonje, makungwa ouma a nthochi oviikidwa m'madzi, kapena nsanza zong'ambidwa ku chitenje chakale. Ulusi wopyapyala wa m'matumba a feteleza ndi waya zimacheka tsinde ngati mpeni mphepo ikamawomba.

Kamangidwe kake ndi ka nambala 8. Chingwe chizungulire tsinde momasuka, chipingasane pakati pa tsinde ndi mtengo, kenako chizungulire mtengo n'kumangidwa mfundo yolimba kumtengoko. Kupingasanako kumatchinga kuti tsinde lisakhulike pa mtengo. Pakati pa chingwe ndi tsinde pazilowa chala, chifukwa tsinde lowonda ngati pensulo lero lidzanenepa ngati chala chachikulu m'mwezi umodzi. Chingwe chikhale kunsi kwa tsamba, pamene phesi la tsamba lalumikizana ndi tsinde, kuti chisatsetsereke. Chisakhale kunsi kwenikweni kwa tsango la maluwa, chifukwa zipatso zikalemera tsangolo limapindikira pa chingwe n'kuthyoka. Kumangaku kubwerezedwe pa masentimita 25 kapena 30 alionse pamene mbewu ikukwera.

5. Tizopanira ta pulasitiki

Alimi a m'magirinihausi amagwiritsa ntchito tizopanira, timene ambiri amangoti makilipi. Kachopanira ndi kamphete ka pulasitiki kotseguka, kotambalala masentimita awiri ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Pakati pake, pamene kamapindikira, pali timano togwira chingwe, ndipo kumapeto kwake kuli kotsekera. Timapezeka makamaka m'masitolo a zipangizo za magirinihausi m'mizinda monga Lilongwe.

Chofunika kudziwa ndi chakuti tizopanira timeneti tinapangidwa kuti tizigwira chingwe, osati mtengo. Amene wagula thumba lonse n'kufuna kupanira tsinde ku nsungwi amakhumudwa, chifukwa mphete yake siingakwane zonse ziwiri. Choyamba mlimi azike mizati yolimba yotalikirana mamita anayi kapena asanu motsata mzere, n'kukoka waya wonenepa pamwamba pake, mamita awiri kuchokera pansi. Mizati ya kumapeto ipendekere kunja ndipo ikokedwe ndi waya ku chikhomo, chifukwa ndiyo imanyamula katundu wa mzere wonse. Pa phando lililonse patsike chingwe chimodzi kuchokera pa waya, chimangidwe ku kachikhomo kokhomedwa pafupi ndi tsinde. Chingwe chisakhale chokungika ngati cha uta, komanso chisalende.

Popanira, mlimi atsegule kachopanira, alowetse chingwe pa timano, kenako atseke mphete mozungulira tsinde mpaka imveke kuti yatseka. Timano tiluma chingwe, pamene tsinde likhala lomasuka m'kati mwa mphete. Akakakokera pansi kasatsetsereke. Kakatsetsereka ndiye kuti chingwe ndi chowonda kwambiri kapena sichinalowe pa timano. Malo ake ndi omwe aja a chingwe: kunsi kwa phesi la tsamba, kutali ndi tsango la maluwa. Kunsonga kusiyidwe masentimita 20 osapanidwa, popeza kumeneko tsinde likadali lanthete ndipo limathyoka msanga.

Ubwino wake ndi liwiro. Munthu mmodzi amapanira mzere wonse m'nthawi imene mnzake womanga mfundo amafika pakati, ndipo kachopanira kamatseguka n'kusunthidwa popanda kudula kanthu. Koma mlimi awerengere asanagule. Tsinde la mamita awiri limafuna tizopanira 6 kapena 7, kutanthauza kuti malo a matimati 185 aja afuna toposa 1,100, kuphatikizapo waya ndi mizati. Kwa wolima mitundu yotalika yokolola miyezi ingapo, ndalamazo zimabwerera. Kwa wolima Tanya pa kadimba ka kuseri kwa nyumba, luzi ndi nsungwi zikwanira. Mapegi oyanikira zovala asalowe m'malo mwa tizopanira: amafinya tsinde.

6. Kuluka, pamene mitengo yachepa

Pali njira yochepetsa mitengo ndi theka, yoyenera mitundu yaifupi. Mtengo umazikidwa pambuyo pa matimati awiri alionse, ndipo kumapeto kwa mzere kumakhala mitengo yonenepa. Chingwe chimamangidwa pa mtengo woyamba, masentimita 25 kuchokera pansi, n'kuyenda mbali imodzi ya matimati chikuzungulira mtengo uliwonse. Chikafika kumapeto chimabwerera mbali inayo pa msinkhu womwewo, ndipo matimati amakhala atapanidwa pakati pa zingwe ziwiri. Mbewu ikakula, mzere wina wa chingwe umaikidwa masentimita 20 pamwamba pa woyamba, mpaka mizere inayi kapena isanu. Pa malo a matimati 185 pangofunika mitengo pafupifupi 100.

7. Kuthena ndi kuyendera munda

Kumanga popanda kuthena ndi theka la ntchito. Pa mitundu yotalika, mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba zichotsedwe zikadali zazifupi ngati chala, pozithyola ndi manja, kuti patsale tsinde limodzi kapena awiri. Mlimi akasiya awiri, lililonse likhale ndi chingwe chake. Mitundu yaifupi siithenedwa kwambiri. Zochotsa ndi mphukira za kunsi kwa tsango loyamba basi, chifukwa zam'mwambazo ndizo zimabereka. Masamba a m'munsi okhudza dothi ndi amene ayamba mawanga achotsedwe, atulutsidwe m'munda n'kukwiriridwa.

Ntchito zonsezi zigwiridwe masamba atauma. Ku Dedza izi zikutanthauza kudikira mpaka dzuwa litakwera, chifukwa manja ogwira masamba onyowa amanyamula matenda kuchoka pa tsinde lina kupita pa linzake. Wosuta kapena wogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanalowe m'munda, popeza kachirombo koyambitsa matenda a mawangamawanga mu fodya kamagwiranso matimati. Kamodzi pa sabata mlimi ayende mzere ndi mzere, amange pamene mbewu yakwera, amasule pamene chingwe chayamba kulowa m'tsinde, ndiponso ayang'ane m'masamba ngati muli timikwasa toyera ta mbozi ya Tuta absoluta.

8. Nsawawa, nyemba ndi nkhaka

Si matimati okha amene amafuna kuimikidwa. Nsawawa, zimene zimakonda kuzizira kwa ku Dedza, zimadzigwirira zokha ndi timaulusi take. Zimangofuna nthambi zouma za mphanda zambiri kapena bango lozikidwa motsata mzere, ndipo zisapanidwe chifukwa tsinde lake ndi losalimba. Nyemba zoyanga zimazungulira mtengo zokha. Makolo akhala akuzibzala m'chimanga kuti zikwere mapesi, koma zikalimidwa pazokha zimafuna mitengo ya mamita awiri, imene ingamangidwe itatu kapena inayi pamodzi kumutu kuti isagwe. Nkhaka za m'dimba zimayenda bwino pa chingwe ndi tizopanira mofanana ndi matimati, ndipo zipatso zolendewera zimakula zowongoka.

9. Pambuyo pokolola

Mitengo, zingwe ndi tizopanira zimasunga matenda ndi akangaude ofiira mpaka ulimi wotsatira. Mitengo izulidwe, ichotsedwe dothi, iyanikidwe padzuwa, kenako isungidwe pa thandala pamalo osafika mvula ndi chiswe. Luzi ndi nsanza zitenthedwe pamodzi ndi zotsalira za mbewu zodwala. Tizopanira titsukidwe kaye ndi sopo, kenako tiviikidwe kwa mphindi 30 m'madzi osakaniza ndi Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu asanu ndi anayi a madzi. Pambuyo pake titsukuluzidwe, tiumitsidwe ndi kusungidwa m'chidebe chotseka, chifukwa dzuwa limachititsa pulasitiki kuphwanyika msanga. Tosweka titoledwe, tisasiyidwe m'dothi. Malo amene munali matimati asabzalidwenso matimati, kachewere, tsabola kapena mabiringanya kwa zaka zitatu.

Matimati amasowa ndi kukwera mtengo m'miyezi ya mvula, kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi yomwe chiwawu chimavuta kwambiri. Mlimi wofuna msika umenewo adule ndi kuumitsa nsungwi zake m'chilimwe, mu Seputembala kapena Okutobala, kuti tsiku lowoka mbande mitengo ikhale ili kale m'mphepete mwa munda.