Nsomba zikachuluka m'damu zimapinimbira

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za vuto lomwe likugwetsa mphwayi anthu ambiri amene anakumba madamu a nsomba kuno ku Mwanza. Munthu amakumba damu ndi khasu kwa milungu ingapo, amagula mbewu ya nsomba, amathira madeya chaka chathunthu, koma tsiku lokolola khoka limatuluka ndi tinsomba tosaposa chala. Ena amati mbewu inali yoipa, ena amati madzi a kuno ngozizira, ndipo ena amafika poganizira anansi awo zoipa.

Ine ndimaweta nsomba, ndipo ndaona madamu ambiri ku Kunenekude, ku Thambani ndi m'midzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache. Nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala limodzi: nsomba zachuluka kuposa chakudya ndi mpweya umene damulo lingapereke.

Damu lili ngati munda

Mlimi aliyense amadziwa kuti akaponya njere khumi za chimanga paphando limodzi sangakolole zisononkho khumi zazikulu. Mbewuzo zimalimbirana chakudya ndipo zonse zimatuluka zonyozoloka. Damu nalonso lili ndi malire ake.

Tiyerekeze kuti damu lanu ndi la mamita 20 mulitali ndi mamita 10 mulifupi. Kuchulukitsa manambala awiriwa kukutipatsa masikweya mita 200. Tiyerekezenso kuti ndi madeya ndi manyowa amene mumathira, damuli lingatulutse makilogalamu 40 a nsomba. Ngati muli nsomba 400, iliyonse idzalemera magalamu 100. Ngati muli nsomba 2,000, iliyonse idzalemera magalamu 20 basi. Pasikelo kulemera n'kumodzimodzi, koma pamsika wa pa Boma kapena kwa amalesitilanti a pachipata cha Mwanza mtengo wake ngosiyana kwambiri. Wogula amafuna nsomba yodzadza m'dzanja.

N'chifukwa chake alangizi a za nsomba amati m'damu lodyetsedwa madeya ndi manyowa tiziika nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita iliyonse. Damu la masikweya mita 200 liyenera kulandira nsomba 400 mpaka 600. Kupyola apo ndi zija za ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Werengerani kutambalala, osati kuya

Alimi ena amandifunsa kuti, "Nanga ndikakumba damu lakuya kwambiri, sindingaikemo nsomba zochuluka?" Yankho ndi lakuti ayi. Mpweya umene nsomba zimapuma umalowera pamwamba pa madzi. Tizomera ting'onoting'ono timene timabiriwiritsa madzi, tomwe ndi chakudya cha nsomba, timamera m'madzi a pamwamba mmene mumafika dzuwa. Pansi pa damu lakuya kwambiri pamakhala madzi ozizira, amdima ndi osowa mpweya.

Ngakhale anthu a kunja amene amasunga nsomba m'nyumba m'mathanki agalasi amatsata lamulo lomweli. M'nyanja yamchere ya Indian Ocean, kuphatikizapo m'gombe la Mozambique, muli nsomba yomwe pa Chingerezi amaitcha halfbeak. Chibwano chake cham'munsi n'chachitali ngati singano pamene cham'mwamba n'chachifupi, ndipo imasambira ndi kudya pamwamba penipeni pa madzi. Oisunga m'nyumba amaisankhira thanki lalitali ndi lotambalala, chifukwa kuya kwa thanki kulibe nayo ntchito. Ikapanikizika imadziguguda pagalasi n'kuvulaza mlomo. Nsomba imeneyi si ya m'madamu athu, koma phunziro lake likutikhudza: malo a nsomba timawayeza ndi kutambalala kwa madzi.

Damu labwino likhale lakuya pafupifupi theka la mita kolowera madzi, ndi mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono kotulukira madzi. Ngati muli ndi mphamvu zokumba, kulitsani damu m'mbali kapena kumbani lachiwiri.

Dziwani khalidwe la nsomba zanu

Mlimi angathe kuwerenga bwino nsomba 400 tsiku loika mbewu, komabe patapita miyezi ingapo n'kupeza damu ladzaza. Izi zimachitika chifukwa cha kuswana.

Makumba ndiwo amawetedwa kwambiri m'dziko muno. Amapirira ndipo amadya madeya ndi tizomera ta m'madzi. Vuto lawo ndi lakuti m'damu amayamba kuswana akadali aang'ono. Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nthawi yonseyo siidya mokwanira. Mphamvu zomwe zikanapita kuthupi zimathera kumazira. Imaswa ana mazana angapo, ndipo kukafunda imabwereza kangapo pachaka.

Chilunguni chimakumba timaenje pansi pa damu n'kuikiramo mazira, ndipo chachimuna ndi chachikazi zimalondera limodzi. Chimakonda masamba monga a chinangwa, a mbatata, a maungu ndi nsenjere zanthete. Popeza chimadya zosiyana ndi makumba, n'kwabwino kuweta mitundu iwiriyi pamodzi, bola chiwerengero chonse chisapyole malire aja.

Chambo chimachedwerapo kuyamba kuswana, motero chimakhala ndi nthawi yokula. Mlamba umadya tinsomba ting'onoting'ono, ndipo umatha kupuma mpweya wa kunja kwa madzi. Khalidwe lake lodya tinsombali tingaligwiritse ntchito, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Zizindikiro zoti nsomba zachuluka

Pitani kudamu m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Iyi ndi nthawi imene mpweya umachepa kwambiri m'madzi, chifukwa usiku tizomera tija timaleka kupanga mpweya n'kuyamba kuugwiritsa ntchito. Mukaona nsomba zambiri zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, dziwani kuti zikubanika. Tsegulani madzi atsopano msanga ndipo tsiku limenelo musathire manyowa kapena madeya.

Chizindikiro chachiwiri ndi magulu a tiana ta nsomba m'mphepete mwa damu. Chachitatu ndi nsomba za mutu ndi maso aakulu koma thupi laling'ono. Mukagwira kansomba kotalika ngati chala n'kupeza kali ndi mazira m'kamwa, damu lanu lapinimbira kale.

Njira zisanu zothetsera vutoli

Yoyamba ndiyo kuyeza damu ndi kuwerenga mbewu. Yezani ndi chingwe chomwe mukudziwa kutalika kwake. Musagule mbewu ya m'ndowa yosawerenga. Werengani imodziimodzi ndipo lembani m'kope tsiku ndi chiwerengero chake.

Yachiwiri ndiyo kuweta zazimuna zokhazokha. Makumba aamuna amakula msanga kuposa aakazi, ndipo popanda aakazi palibe kuswana. Nsomba zikafika magalamu 20 kapena 30 mungathe kuzisiyanitsa. Itembenuzeni nsomba chagada. Kumbuyo kwa potulukira zoipa pali kanthu kotukuka. Ka yaimuna n'kosongoka ndipo kali ndi bowo limodzi kunsonga. Ka yaikazi n'kobulungira ndipo kali ndi mabowo awiri, lina lopingasa lomwe ndi lotulukira mazira. Ntchitoyi ichitike m'mawa kukuzizira, manja ali onyowa. Pemphani alangizi kuti akuonetseni poyamba, chifukwa zazikazi zochepa zokha zikalowerera zimadzadzanso damu.

Yachitatu ndiyo kuikamo milamba yochepa kuti izidya ana obadwira m'damu. Ine ndimaika mlamba umodzi pa makumba khumi alionse. Milambayo ikhale yaing'ono kuposa makumba anu, ndipo muiike makumba atakhalamo kale mwezi umodzi kapena iwiri. Mukaika mlamba waukulu udzakutherani mbewu. Kwezaninso khoma la damu, popeza mlamba umatha kukwawa n'kutuluka usiku wa mvula.

Yachinayi ndiyo kupatulira, monga timachitira ndi chimanga. Pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, dutsitsani kaukonde ka maso aang'ono m'mphepete mwa damu ndi kuchotsa tiana. Ngati muli ndi damu lachiwiri, tilereni kumeneko. Ngati mulibe, tadyeni pakhomo. Tinsomba todyedwa ndi minga yomwe timalimbitsa mafupa a ana athu.

Yachisanu ndiyo kukolola zonse ndi kuumitsa damu. Alimi ambiri amangowedza zazikulu chaka ndi chaka osaphwetsa madzi. Potero amachotsa nsomba zokula msanga n'kusiya zopinimbira kuti ziziswana. Pakatha miyezi 6 mpaka 8, phwetsani madzi, chotsani nsomba zonse, ndipo lisiyeni damu padzuwa mpaka matope atang'aluka. M'zithaphwi zotsala thiranimo laimu kapena phulusa. Musanalowetsenso madzi, mangani kasefa kapena kaukonde papaipi yolowera madzi kuti nsomba za mumtsinje zisalowe.

Samalani pogula mbewu

Kansomba kakang'ono sikuti nthawi zonse ndi kamwana. M'damu lopinimbira muli nsomba za chaka chimodzi zomwe zimaoneka ngati za miyezi iwiri. Mukagula zimenezi zimayamba kuswana zikangofika m'damu lanu. Mbewu yabwino imakhala yofanana misinkhu, yochangamuka, ya mamba osalala ndi yopanda zilonda. Funsani ku ofesi ya za nsomba kuti akuuzeni kumene mungaipeze. Ku Domasi m'boma la Zomba kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba omwe anayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo alangizi athu amadziwa alimi oswetsa mbewu odalirika.

Popeza tili m'malire, pali chiyeso chobweretsa mbewu kuchokera kutsidya kudzera pa Zobue, makamaka nsomba yotchedwa Nile tilapia yomwe amati imakula msanga. Musayerekeze. Lamulo la za nsomba la chaka cha 1997 sililola kulowetsa nsomba zamoyo zachilendo popanda chilolezo. Madzi a mtsinje wa Mwanza ndi wa Mkulumadzi amathera mu Shire, ndipo damu likasefukira nthawi ya dzinja nsomba zachilendozo zimakasakanikirana ndi makumba ndi chambo chathu. Boma linachitapo kale kanthu pa nkhani yotere: nsomba ya carp inabwera kuchokera ku Israel mu 1976, koma mu 1992 inaletsedwa pofuna kuteteza nsomba za m'nyanja ya Malawi. Kumbukiraninso kuti mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba. Matenda oterewa amayenda ndi nsomba zamoyo, madzi ndi maukonde obwerekana.

Chakudya chigwirizane ndi chiwerengero

Ubwino wina wodziwa chiwerengero cha nsomba ndi wakuti mumadziwanso muyezo wa chakudya. Nsomba 400 za magalamu 20 zimalemera makilogalamu 8 zonse pamodzi. Zazing'ono chonchi zipatseni magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwawo, omwe ndi magalamu 400 a madeya patsiku. Zikafika magalamu 50 iliyonse, zonse zimalemera makilogalamu 20, ndipo magawo 3 pa 100 akukwana magalamu 600 patsiku. Gawani chakudyachi pawiri, m'mawa dzuwa litakwera ndi masana, ndipo muzithira malo amodzimodzi.

Manyowa a nkhuku, a mbuzi kapena a nkhumba aikeni m'kakhola ka timitengo pangodya ya damu. Kuti mudziwe ngati akwanira, viikani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezerani manyowa. Ngati chasowa madzi asanafike pakati pa mkono, manyowa achuluka ndipo muyambe mwaleka.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira, ndipo madzi akatsika kupyola madigiri 20 makumba ndi chilunguni zimadya pang'ono ndi kukula pang'onopang'ono. Chepetsani madeya nthawi imeneyi, chifukwa otsala amaola n'kumaliza mpweya. Kwa amene madzi awo saphwa m'chilimwe, nthawi yabwino yoika mbewu ndi Seputembala kapena Okutobala, kuti nsomba zikule m'miyezi yofunda ndipo mukolole mu Epulo kapena Meyi chisanu chisanafike.

Sabata ino tengani chingwe mukayeze damu lanu. Chulukitsani mulitali ndi mulifupi, kenaka chulukitsani yankholo ndi 3. Nambala imeneyo ndiyo malire a nsomba zanu. Mawa lake m'bandakucha mukaone ngati nsomba zikubanika. Ngati damu lakhala zaka ziwiri kapena kupitirira osaphwetsedwa, kambiranani ndi anzanu a m'kalabu za tsiku lobwereka khoka, mukolole zonse, muumitse damu ndi kuyambiranso ndi mbewu yowerenga.