Phunziro la Mwezi wa January: Nyenyezi Ziwiri Zophimbana

Inu abale akugwira nchito usiku ku Heavy Industrial Area, alonda ndi osula zitsulo, ndi inu akukhala ku Kabwata ndi ku Chelstone, kwezani maso mitambo ikang'ambika. Madzulo a mwezi uno Akamwiniatsatana aima pamwamba, copendekera kumpoto pang'ono. Buku la Yobu liwachula pa mutu 38, ndime 31. Mwa nyenyezi zitatuzo, yoyamba kuturuka kum'mawa ichedwa Mintaka.

Diso liiona ngati imodzi, koma m'kati mwa kuunika kwace muli nyenyezi ziwiri zazikuru zozungulirana, zotsiriza ulendo wao m'masiku 5 ndi maora ngati 18. Johannes Hartmann wa ku Potsdam anaonetsa ici m'caka ca 1904, posanthula kuunika kwace. Yaikuru ilemera ngati madzuwa 20, inzace ngati madzuwa 8. Pankhope pa yaikuruyo patentha madigiri ngati 30,000, pamene pa dzuwa lathu patentha 5,500 okha.

Akuru akumbukira kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene mwezi unaphimba dzuwa pa Lusaka, ndipo kunada usana. Momwemonso nyenyezi izi: njira yao ipenyana ndi dziko lathu cam'mbali, kotero kuti ina ipita kutsogolo kwa inzace, ndipo kuunika kucepa pang'ono, ngati limodzi la magawo khumi. Kucitika kawiri pa ulendo uli wonse.

Nanga phindu lace nciani? Nyenyezi yokhala payokha ibvuta kuiyesa kulemera. Koma ziwiri zikazungulirana, ophunzira ayesa liwiro lao ndi masiku a ulendo wao, napeza mphamvu imene zikokana nayo. Ndipo mphamvuyo iwauza kulemera kwao. Kutalika kwa nthawi ya kuphimbana kuwauzanso ukuru wao. Nyenyezi zolemera cotere zitha msanga nkhuni zao, m'zaka mamiliyoni owerengeka, ndipo zambiri ziphulika potsiriza, nizimwaza m'thambo citsulo ndi zina zimene zinapangika m'moto wao. Citsulo cimene muumba m'mafakitale cinacokera ku nyenyezi zakale zimene zinaphulika dzuwa lisanakhale.

Tsono, okondedwa, lingalirani ici. Kulemera kwa nyenyezi kudziwika ndi macitidwe ace pa inzace. Cikhristu ca munthu sicidziwika iye ali yekha, kapena ndi kuwala kwa zobvala zace tsiku la Sabata. Cidziwika ndi macitidwe ace kwa mkazi wace, kwa makolo ace amene anawasiya ku Chipata kapena ku Petauke, ndi kwa mnyamata wamng'ono womtumikira pa nchito. Ndiponso nyenyezi yaikuru ilola kuphimbidwa kanthawi ndi yaing'ono, osataika ulemerero wace. Kodi kapitao angalole mau a wamng'ono kupambana ace pamene ali oona?

Werengani Yobu 38, Amosi 5:8, ndi 1 Yohane 4:20.