Kusiyira Ana Malonda Mwini Wake Akali Moyo

Pa malo ambiri a malonda m'dziko muno pali sitolo zimene zitseko zake zinatsekedwa kalekale, ndipo mukafunsa okhala pafupi, adzakuuzani kuti mwini wake atamwalira abale anagawana katundu maliro asanazizire, kotero kuti chaka chisanathe pa mashelefu panalibe ngakhale sopo. Zina mwa nyumbazi ndi zija anazisiya amwenye m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda linawalamula kuchoka kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Amene analowamo analandira makoma ndi kauntala, koma nzeru ya kuoda katundu ndi ubale ndi eni sitolo zazikulu za ku Limbe sanazilandire, ndipo ambiri sanakhalitse. Mwana wolandira golosale, chigayo kapena minibasi ya atate ake osaphunzitsidwa ali pa tsoka lomweli.

Kuti mupewe tsokali, choyamba lekanitsani ndalama za malonda ndi ndalama za pakhomo. Tsegulani akaunti yapadera ku banki, dzipatseni malipiro a pamwezi monga wantchito wina aliyense, ndipo shuga wopita kumaliro kapena fizi ya mwana wa mlongo wanu zilembedwe m'kaundula tsiku lomwelo. Kuthandiza abale nkoyenera ndithu, koma chimene sichinalembedwe wolowa m'malo mwanu sadzachidziwa, ndipo adzayesa kuti mpamba ulipo pamene unadyedwa kale.

Kenaka pali nkhani ya kusankha wolowa m'malo, imene imaphwasula mabanja ambiri. Mwambo wa makolo athu Achewa, Amang'anja ndi Ayao umapatsa mphamvu malume monga mwini mbumba, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkalunjika kwa ana a mlongo wake. Koma lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Pofuna kuti mwambo ndi lamulo zisakakumane pa bwalo la milandu inu mutagona kumanda, itanani ankhoswe, amalume ndi ana onse mukali ndi mphamvu, nimunene pakamwa panu amene adzayendetse malondawo ndi chifukwa chake. Musayang'ane ukulu wa kubadwa, pakuti nthawi zambiri amene amadziwa mtengo wa chinthu chilichonse pa shelefu ndi mwana wamkazi amene wakhala pa kauntala chiyambire ali ku pulayimale. Ana enawo asachoke chimanjamanja: lembetsani malondawo ngati kampani kwa Registrar General, aliyense akhale ndi gawo lake lolembedwa nalandire phindu pakutha pa chaka, chifukwa chigayo chikagawidwa, wina injini wina malata, palibe amene wapindula.

Mukamusankha, muphunzitseni, popeza kuongola mtengo mpoyamba. Mutengeni pokaoda katundu, kaya ndi ku Limbe, ku Kariakoo mu Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, kuti okupatsani katundu pangongole amudziwe nkhope, aonenso ndi maso ake mmene msonkho wa MRA umalipiridwira pachipata. Koposa zonse, mudziwitseni za kugwa mphamvu kwa kwacha, kumene kwamaliza amalonda ambiri osazindikira. Mu May 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250, mu May 2022 kwacha inagwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Taganizirani munthu amene anaoda katundu wa madola 100 pa K118,000 namugulitsa pa K140,000: m'kaundula mwake analemba phindu la K22,000, koma atabwerera kokaoda anapeza kuti katundu yemweyo akufuna K170,000, ndipo ndalama yake yaperewera ndi K30,000. Chotero mwana aphunzire kuika mtengo poyang'ana ndalama imene adzaodere mawa, aphunzirenso kuopa katapila ndi ngongole ya ndalama zakunja pamene iye amagulitsa m'makwacha.

Pamenepa akulunso ayenera kutchera khutu kwa ana. Kaunjika analanda makasitomala a matelala ambiri, katundu wotchipa wa ku China anadzaza misika, ndipo lero wogula amafunsa mtengo pa WhatsApp nalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati mwana akuti gawo lina la mpamba lilowe mu soya, mtedza kapena nyemba, zimene sizidikira dola kuti zipezeke, mumpatse kachigawo kochepa ayesere inu mukuona. Musaiwalenso za ngozi zogwa mwadzidzidzi: Namondwe Freddy wa mu March 2023 anakokolola nyumba ndi katundu ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera. Chifukwa chake funsani za inshuwalansi, ndipo mapepala a malo ndi a kampani akhale ndi makope osungidwa kwina.

Tsono lembani wilo. Ambiri amaopa kuti kutero nkudziitanira imfa, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wiloyo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, itchule katundu yense, ndipo pambali pake pakhale mndandanda wa amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa inu. Dziwaninso kuti akaunti ya dzina la munthu mmodzi banki imaitseka mwini wake akamwalira kufikira patapezeka zikalata zovomerezeka zoyendetsera chuma cha masiye, zimene zingatenge miyezi, antchito ali kudikira malipiro. Nchifukwa chake akaunti ya kampani ikhale ndi osainira awiri.

Potsiriza, pumani pang'onopang'ono. Chaka choyamba mwanayo aode katundu inu mukuwerengera, chaka chachiwiri asunge makiyi ndi kaundula, inu nkumabwera pakutha pa mwezi kudzaona mabuku. Akalakwa mumdzudzule kuseri, antchito ndi ogula asakumva, ndipo kasitomala wakale akabwera kudzapempha ngongole kwa inu, mumtumize kwa mwanayo kuti ayankhe ndiye.