Manambala amene anasiya mnzanu musawaope, alembereni mbiri

FUNSO: Ndine mnyamata wa zamagetsi pa fakitale ina kuno ku Makata. Tili ndi timabokosi ta ESP32 toyendetsa mapampu a madzi. Amene analemba pulogalamu yake anapita ku Johannesburg, ndipo anandisiyira fayilo ya masetingi yodzaza manambala opanda mawu ofotokoza. Nditasintha nambala imodzi, pampu inayamba kuyaka ndi kuzima mosalekeza. Abwana akuti ndisakhudzenso. Kodi ndingozisiya choncho? Wowerenga wa ku Makata, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, abwana anu ali ndi chifukwa choopera, pakuti pampu si ya mtengo wamasewera. Koma kusakhudza sikuchiza vutoli. Tsiku lina magetsi adzabwera ndi mphamvu, bolodi lidzapsa, ndipo mudzayenera kumanganso pulogalamuyo pa bolodi latsopano abwana omwewo ataima kumbuyo kwanu. Ndi bwino kuwadziwa manambalawo lero zinthu zili phee.

Ndiyambe ndi chimene ndikuchikayikira pa pampu yanu. Mkati mwa ESP32 mumayenda FreeRTOS, kapulogalamu kogawa nthawi pakati pa ntchito zosiyanasiyana, kamene Richard Barry anakayamba mu 2003 ndipo kakhala m'manja mwa Amazon kuyambira 2017. Kamawerenga nthawi m'tizigawo totchedwa tick. Mu ESP-IDF ya kampani ya Espressif, setingi ya CONFIG_FREERTOS_HZ imabwera ili pa 100, kutanthauza ma tick 100 pa sekondi. Mu Arduino ya ESP32 yomweyo imakhala 1000. Ndiye ngati mnzanu analemba kuti pampu idikire 500 osaika muyeso wake, pa 100 imadikira masekondi 5, koma pa 1000 imadikira theka la sekondi. Nambala ya 500 ija sinasinthe, koma mota yatentha. N'chifukwa chake olemba osamala amagwiritsa ntchito pdMS_TO_TICKS, kuti nthawi ilembedwe m'mamilisekondi.

Msampha wina uli pa stack, malo a memory amene ntchito iliyonse imapatsidwa. FreeRTOS wamba amayesa malowa m'ma word, pomwe ESP-IDF imayesa m'ma byte. Pa chip cha ma bit 32, word imodzi ndi ma byte 4. Munthu akakopera 1024 kuchokera pa chitsanzo cha pa intaneti, ntchito yake imalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a malo amene ankaganiza, ndipo bokosi limangodzizimitsa n'kudziyatsa popanda wodziwa chifukwa.

Mwaonatu kuti nambala yokha siyankhula. Setingi iliyonse iyenera kukhala ndi zolembedwa zake monga mwana amakhalira ndi buku la kusikelo: aliyense amene walitsegula, ngakhale namwino wachilendo, amadziwa pamene mnzake analekezera.

Amene ntchitoyi amaigwira bwino kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi a RTEMS. Iyi ndi pulogalamu yofanana ndi FreeRTOS, inayambira ku gulu la asilikali la America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo lero imayendetsa zida za m'mlengalenga za NASA ndi European Space Agency. Chombo chikanyamuka palibe wokwera makwerero kukachikonza, choncho iwo sasewera ndi masetingi. Ali nawo ambirimbiri, pafupifupi onse oyamba ndi CONFIGURE, ndipo setingi iliyonse ili ndi fayilo yakeyake ya YAML m'nkhokwe yotchedwa rtems-central. M'fayilomo mumalembedwa dzina la setingi, ntchito yake, nambala imene imagwira ngati munthu sanaike kanthu, malire ake, ndi zoyenera kusamala. CONFIGURE_MICROSECONDS_PER_TICK, mwachitsanzo, yalembedwa kuti ukaisiya imakhala 10000, ndipo dzina lenilenilo likukuuza kale muyeso.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti buku la malangizo salilemba padera ndi manja. Kapulogalamu ka Python kamawerenga mafayilo aja n'kutulutsa mutu wa masetingi wa m'buku lawo, ndipo pamwamba pa zotulukazo pamakhala chenjezo lakuti musasinthe apa, kasintheni kugwero. Nzeru yonse yagona pamenepo. Choonadi chikalembedwa malo atatu, m'pulogalamu, m'kope la mainjiniya ndi m'mutu mwa amene anapita ku Johannesburg, pakatha chaka chimakhala zoonadi zitatu zotsutsana. Chikakhala malo amodzi, wosintha nambala amakumana ndi chifukwa chake pomwepo.

Musaganize kuti izi n'za m'mlengalenga mokha. Mamita a magetsi olipiriratu otsatira muyezo wa STS, aja timalowetsamo manambala 20, amawerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, m'kamalo ka ma bit 24. Kamaloko kanadzaza pa 24 Novembala 2024, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa anthu anayenera kulowetsa matokeni apadera kuti mita zawo ziyambe kuwerengera ku 2014. Tsikulo linadziwika zaka zambiri lisanafike chifukwa malirewo analembedwa. Nanga malire a m'mabokosi anu akudziwa ndani?

Inu simufunika YAML kapena Python kuti muyambe. ESP-IDF ili kale ndi Kconfig, njira yochokera ku Linux imene Zephyr nayo imagwiritsa ntchito. Mu fayilo ya Kconfig.projbuild mutha kupatsa setingi iliyonse default, range ndi help. Mu help lembani muyeso, komanso chifukwa chake: pampu idikire masekondi akutiakuti isanayakenso kuti mota izizire. Chifukwacho ndi chimene anthu amaiwala kulemba, chonsecho ndi chimene wobwera pambuyo amachifuna koposa. Muyeso uonekenso m'dzina, monga PAMPU_DIKIRA_MS. Pamene masetingi awiri amadalirana, monga mulingo woyatsira pampu ndi wozimitsira, ikani #error kuti pulogalamu ikane kumangidwa ngati ayandikana kwambiri. Zimene mwasankha zisungeni mu sdkconfig.defaults, mu Git, pamodzi ndi pulogalamuyo, osati pa fulashi ya m'thumba. Ndipo dziikireni lamulo lakuti nambala ndi kufotokoza kwake zisinthire limodzi, mu commit imodzi.

Padzakhala manambala amene simudzapeza chifukwa chake. Musapeke. Lembani kuti munaipeza choncho, ikani tsiku, ndipo muiyese pa benchi mutalumikiza babu m'malo mwa pampu. Mnzanu uja mumulembere pa WhatsApp mwaulemu, funso limodzi pa nthawi, ndi chithunzi cha mzere umene mukufunsa. Munthu wotanganidwa amayankha funso lalifupi, koma mukamutumizira fayilo yonse adzangoti ndiona mawa.

Kwa abwana musapite ndi mkangano. Apempheni bolodi limodzi lapadera ndi nthawi yoyesera, ndipo muwalonjeze kuti mabokosi amene ali pantchito simuwakhudza mpaka zoyesa zitatheka. Yambani ndi nambala imene inavutitsa pampu ija, ndipo mukapeza muyeso wake mutilembere.