ZINTHU ZOULUKA ZOSADZIWIKA: KODI UMBONI WABWINO NDI UTI?

Alimi ndiwo amadzuka m'mbandakuca, ndiwonso amacezera kulonda minda usiku. Motero amaona za kumwamba koposa anthu a m'tauni. Nthawi zina munthu aona kuwala koyenda modabwitsa, ndipo pofika m'mawa mbiri yawanda mudzi wonse. Ena ati ndi alendo ocokera ku nyenyezi, ena ati ndi ndege ya ufiti, ndipo nkhalamba yosalakwa iyamba kulozedwa cala. Cifukwa cace phunziro lathu lero ndi la kayesedwe ka umboni wa zinthu zotere.

Mbiri ya "mbale zouluka" inabuka ku America m'caka ca 1947, pamene woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, ananena kuti anaona zinthu 9 zirikuuluka mwaliwiro pafupi ndi phiri la Rainier. Kucokera caka cimeneco kufikira 1969, asilikari a ndege a dzikolo analandira nkhani zotere 12,618. Atafufuza, zambiri zinapezeka kuti zinali ndege, zibaluni kapena nyenyezi. Zokwana 701 zinatsala zosadziwika. Koma mau akuti "cosadziwika" satanthauza kuti cinthuco cacokera ku nyenyezi ai. Mbuzi ikasowa m'khola, munthu wanzeru sanena kuti yagwidwa ndi fisi asanaone mapazi ace.

Tsono umboni wabwino uyenera kukhala ndi zinthu zinai izi.

Coyamba, nthawi ndi malo. Lembani tsiku, ora, mbali imene cinacokera ndi kumene cinalowera, ndiponso nthawi imene cinatha cirikuoneka. Lembani usiku womwewo, pakuti nkhani ikagona imakula.

Caciwiri, mboni zifunsidwe iriyonse payokha, zisanakambirane. Pa 16 September 1994, ana pafupifupi 60 a sukulu ya Ariel ku Ruwa, m'dziko la Zimbabwe, ananena kuti anaona cinthu cacilendo citatera pafupi ndi sukulu yao. Koma ofufuza oyamba anawafunsa ali pamodzi, wina alikumva zonena mnzace. Sitikunena kuti anawo ananama. Tikunena kuti kafunsidwe kotere kamacepetsa mphamvu ya umboni, monga momwe zimakhalira pa bwalo la milandu.

Cacitatu, yambani mwaganizira zinthu zodziwika kale. Nthanda imawala kwambiri kum'mawa, ndipo yasokeretsa anthu ambiri. Kuyambira 2019, makina a Starlink akangoponyedwa kumwamba amaoneka ngati nyali zoyenda mondondozana. Ndiponso masiku awiri isanacitike nkhani ya ku Ruwa ija, anthu ambiri a kumwera kwa Africa anaona moto ulikudutsa kumwamba usiku. Pambuyo pace kunadziwika kuti cinali cidutswa ca roketi ya ku Russia cirikupsa pobwerera pansi.

Cacinai, pakhale cinthu cimene akatswiri angathe kuciyesa. Cithunzi ca kadontho koyera pamdima sicithandiza. Cabwino ndi cija cooneka mtengo kapena denga, kuti ukulu ndi kutalika kwa cinthuco ziyesedwe. M'caka ca 1947 woweta nkhosa wina pafupi ndi Roswell ku America anatola zidutswa zacilendo kubusa, ndipo anthu anati ndi za mbale youluka. M'caka ca 1994 asilikari anafotokoza kuti zinali za cibaluni cao ca nchito yacinsinsi. Inu mukapeza citsulo cogwa kumwamba m'munda mwanu, musacigwire, ndipo ana asaciyandikire, pakuti mafuta ena a roketi ndi aululu. Kauzeni a mfumu ndi apolisi.

M'caka ca 2023 akatswiri osankhidwa ndi bungwe la NASA ananena kuti sanapeze umboni wakuti zinthu zimenezi zicokera kunja kwa dziko lathu lapansi, napempha kuti anthu azilemba bwino zimene aona. Tsono inunso, alimi anzathu, mukaona codabwitsa kumwamba musathamangire kuchula dzina la mnansi wanu. Penyani bwino, lembani, funsani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.