Mabatire Osunga Mphamvu ya Dzuŵa

M'midzi ina ya kwa Mfumu Chitukula, m'boma la Lilongwe, magetsi a ESCOM sanafike. Mabanja ena amakola mphamvu ya dzuŵa ndi sola, naisunga m'mabatire kuti aziwunikira usiku.

Mabatire a lithiamu ngopepuka, koma sali ofanana onse. Batire lotchedwa 18650 nlotalika mamilimita 65, ndipo kaŵirikaŵiri limatulutsa mavolti 3.7. Mtundu wina umatulutsa mavolti 3.2. Ena amachotsedwa m'makompyuta akale ali ofooka kale.

Mmisiri wanzeru amayeza batire lililonse asanalumikize. Akasakaniza osiyana mphamvu, lofookalo limatentha, ndipo lingathe kubutsa moto m'nyumba. Choncho ana asamaboole batire kapena kuliponya pamoto.

Mafunso
1. Kodi batire la 18650 nlotalika bwanji?
2. Nchifukwa chiyani mmisiri amayeza mabatire?