Ndalama Yokhala ndi Chilema

Mnyamata wina wa ku Chitakale, m'boma la Mulanje, anapeza ndalama zachitsulo zakale m'chitini cha agogo ake. Imodzi inali ya 10 tambala ya chaka cha 1971, chaka chimene dziko la Malaŵi linasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kwacha ndi tambala. Mbali imodzi inali ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda, mbali inayo inali ndi chimanga. Koma pa chimangacho panadutsa kamzere kokhotakhota. Agogo anati ndalamayo inali yachinyengo, ndipo anafuna kuitaya. Mnyamatayo anawapempha kuti ayambe waionetsa kwa aphunzitsi ake.

Aphunzitsi anaisisita ndi chala nati, "Tamvera, mwana wanga. Kamzereka n'kotumphuka kapena n'koloŵa m'kati?"

"N'kotumphuka, aphunzitsi," anayankha mnyamatayo.

Pamenepo aphunzitsi anafotokoza kuti ndalama zimenezi zinasulidwa ku Royal Mint, m'dziko la Britain. Posula ndalama, makina amadula tizitsulo tozungulira topanda chithunzi. Kachitsulo kalikonse kamaikidwa pakati pa zidindo ziŵiri zolimba, ndipo zidindozo zimakapana mwamphamvu. Pamene pali pokumbika pa chidindo, pa ndalama pamatumphuka. Chidindo chikagwira ntchito nthaŵi yaitali chimachita mng'alu, ndipo chitsulo chimaloŵa mumng'alumo. Motero ndalama zonse zodindidwa ndi chidindo chimenecho zimatuluka ndi kamzere kotumphuka pamalo amodzimodzi. Koma ndalama imene yakandidwa ndi msomali kapena mpeni imakhala ndi mzere woloŵa m'kati.

Zilema zina zimabwera m'njira zina. Kachitsulo kakakhala mopendekera, chithunzi chimagwera kumbali, kwina n'kutsala kosalala. Kakapanidwa kaŵiri, zilembo zimaoneka ziŵiriziŵiri. Mafuta a makina akadzaza m'chidindo, zilembo zina sizituluka konse. Ndalama zotere siziwoneka kaŵirikaŵiri chifukwa osula amazichotsa akaziona, n'chifukwa chake anthu osonkhanitsa ndalama zakale amazifunafuna. Tsoka lake, alipo ena amene amaononga dala ndalama yabwino kuti anamize ogula.

Tsiku lotsatira mnyamata uja anabweretsa ndalama ina ya 20 tambala, ya njovu, imene inali yobenthuka m'mphepete. Iye anali ndi chiyembekezo chachikulu. Aphunzitsi anaiyang'anitsitsa padzuŵa, namuonetsa timizere ta tupa tonyezimira pobenthukapo. Imeneyo inapalidwa ndi munthu. Koma ya chimanga ija agogo anaikulunga m'kansalu, naibweza m'chitini.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani agogo anafuna kutaya ndalama ija?
2. Fotokozani m'mene mng'alu wa chidindo umaonekera pa ndalama.
3. Kodi aphunzitsi anadziŵa bwanji kuti ndalama ya njovu inapalidwa ndi munthu?
4. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: kutumphuka, kubenthuka, chidindo.